Kamera ya pa Kickstarter ija: titapepo ndalama za gulu kapena ayi?

Gulu la ojambula zithunzi ndi vidiyo a ku Mulanje ndi Thyolo

Yamikani (Chitakale): Mwadzuka bwanji nonse akuluakulu. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masiku atatu. Pali kampani ina yatsopano ya kunja yomwe ikusonkhetsa ndalama pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalipiriratu zinthu zisanapangidwe, kuti ipange kamera yaing'ono, yokwana m'thumba la jekete, yosaopa mvula, yojambula vidiyo ya 4K. Akuti wolipiriratu panopa apereka madola 400, koma ikadzafika m'mashopu idzakhala madola 750. Akulonjeza kutumiza pakatha miyezi 8. M'thumba la gulu muli K820,000. Bwanji titapepo tipeze imodzi ya tonse, tizibwerekana pa maukwati ndi zinkhoswe? Vidiyo yawo ndaiponya pamwambapa, ioneni kaye.

Limbani (Likhubula): Ndaiona kawiri aise. Malo amene akuimiza mumtsinje n'kuitulutsa ikujambulabe andigwira mtima. Inu simudziwa mmene ndimavutikira kuphiriku. Mwezi wa June ndinakwera ndi alendo anayi, tinagona pa Chisepo kuti m'mawa tilawirire ku Sapitwa. Chiperoni chinatipeza panjira. Kamera ndinaikulunga m'jumbo ziwiri, komabe titafika pamwamba galasi lonse linali mbuu, nkhungu yalowa mkati. Alendo atayima pa nsonga ya mamita 3,002, akufuna chithunzi choti akaonetse kwawo, ine ndili kupukuta lenzi ndi malaya. Pano mkati mwake mwayamba timizere toyera ngati ulusi wa kangaude. Ikakhalapodi kamera yotere ine ndili kumbali ya Yamikani.

Mayi a Chisomo (Thyolo boma): Zikomo ana anga. Monga msungichuma ndifunse chinthu chimodzi ndisanatsegule buku. Kamerayi ilipo kale penapake pa shelefu, kapena sanaipange? Tikugula, kapena tikupereka ndalama kuti wina akayesere kupanga?

Yamikani (Chitakale): Chitsanzo chake chilipo mayi, n'chomwe chili mu vidiyomo. Zambirizo adzapanga ndalama zikakwana.

Mayi a Chisomo (Thyolo boma): Ndiye kuti sitikugula.

Tiyamike (Goliati): Mayi agunda pamutu pa nkhani. Eni ake a Kickstarter analengeza okha mu 2012 kuti iwo si sitolo. Mmene zimayendera ndi motere: wopanga amatchula ndalama yomwe akufuna ndi tsiku lotsekera. Ikapanda kukwana, palibe amene amadulidwa kanthu. Ikakwana, makhadi onse amadulidwa nthawi imodzi, Kickstarter imatengapo magawo 5 pa 100 alionse, zotsalazo, akachotsaponso ya oyendetsa malipiro a makhadi, zimapita kwa wopangayo. Kuchokera pamenepo nkhani ili pakati pa iwe ndi iyeyo. Akalephera, Kickstarter sibweza ndalama. Indiegogo, tsamba lina lotere, ndiye inkalolanso kuti munthu atenge ndalama ngakhale sizinafike pomwe ananena.

Yamikani (Chitakale): Koma achemwali, ambiri amatumiza ndithu. Zikanakhala zabodza bwenzi atatseka kalekale, anayamba mu 2009 anthuwa.

Tiyamike (Goliati): N'zoona, ndipo sindikufuna kukunamizani. Mphunzitsi wina wa ku Wharton ku America, Ethan Mollick, anafufuza mu 2015 n'kupeza kuti pafupifupi 9 pa ntchito 100 zilizonse zomwe zinalandira ndalama sizinapereke zomwe zinalonjeza. Ndiye kuti zambiri zimafika. Koma yemweyo anapezanso kale kuti pa ntchito za zipangizo zamakono, zoposa zitatu pa zinayi zilizonse zimachedwa. Ndipo chiwerengero cha 9 chija chaphatikiza mabuku, nyimbo, masewero. Kusindikiza buku si kupanga kamera.

Wyson (Johannesburg): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuntchito kuno. Mundilole ndinene zanga, chifukwa ine zinandichitikira ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mu 2019 ndinalipira kamera ya mtundu womwewu, kampani yake sinditchula. Ndinasunga miyezi itatu, ndikudzimana ngakhale nyama. Miyezi yoyamba amatilembera sabata iliyonse, zithunzi za anyamata akumwetulira mufakitale, wina atanyamula bolodi yobiriwira m'manja. Kenaka anati pulasitiki yatuluka yopindika, tidikire miyezi iwiri. Kenaka Covid. Kenaka tizipangizo ta mkati tasowa padziko lonse, zomwe zinali zoona, ngakhale opanga magalimoto ankalira. Mu 2021 anatitumizira fomu yoti tilembe adiresi. Tsiku limenelo ndinaimbira mkazi wanga ku Msuwadzi kumuuza kuti yatsala pang'ono. Anatumizanso chithunzi cha makatoni ataunjikidwa pakona. Ndinachikulitsa pa foni kuwerenga makatoniwo, analipo 14, pomwe tinalipira tinali masauzande. Kalata yotsatira inadza patatha miyezi isanu, yopempha kuti tiwonjezere ndalama yotumizira. Ndinawonjezera. Kuyambira pamenepo zii. Kubanki anandiuza kuti nthawi yodandaulira inatha kalekale.

Limbani (Likhubula): Pepani kwambiri achimwene. Simunatiuzepo zimenezi.

Wyson (Johannesburg): Ndinkachita manyazi. Koma ndikaona ndalama za gulu zikulowera njira yomweyo sindingakhale chete. Chomwe ndikufuna mumvetse n'chakuti sindikhulupirira kuti anyamata aja anali akuba. Ndikuganiza kuti ankafunadi kupanga. Ntchito inawakulira basi, ndipo ndalama zathu zinathera m'kuphunzira kwawo.

Madalitso (Bvumbwe): Mawu omalizawo ndi amene ndimafuna kufotokoza, poti ine ntchito yanga n'kutsegula mafoni ndi makamera tsiku ndi tsiku ku Limbe. Kupanga kamera imodzi yoti igwire ntchito mu vidiyo si chinthu chovuta kwa munthu wodziwa. Umalumikiza ndi manja, umamata, ikavuta umakonza usiku wonse. Kupanga 5,000 zofanana ndi nkhani ina. Ganizirani woumba njerwa. Chikombole chikapindika pang'ono, njerwa zonse za uvuni zimatuluka zopindika. Thupi la kamera nalonso limaumbidwa m'chikombole chachitsulo, chodula kwambiri, ndipo chikalakwika umasula china n'kudikiranso masabata. Apa tikunena kamera yosalowa madzi, ndiye kuti kampata kochepa ngati tsitsi pa chitseko cha batire kakwanira kuononga zonse.

Chachiwiri ndi sensor, kachipangizo komwe kamalandira kuwala kuseri kwa lenzi. Kampani yaing'ono siipanga yokha. Imakagula kwa akuluakulu ngati Sony, omwe makasitomala awo ndi opanga mafoni ogula mamiliyoni. Iwe wofuna 5,000 uli kumapeto kwa mzere, ndipo mtengo wako ndi wokwera. Fakitale ya ku Shenzhen ku China nayonso imayamba yathana ndi maoda aakulu. Ikafika nyengo ya chaka chatsopano cha ku China, January kapena February, amatseka masabata angapo. Kenaka pulogalamu ya mkati, yoti mitundu izituluka bwino, kamera isamatenthe, batire isamathe msanga. Canon ndi Nikon atenga zaka makumi akukonza zimenezi. Ndiye wina akati miyezi 8, ine ndimawerenga zaka ziwiri.

Ndipo funso langa la ine mwini: ikadzathyoka chitseko cha batire ndidzachipeza kuti? Ya Canon ndimagula yakufa n'kuchotsamo. Iyi idzakhala yokhayokha m'Malawi muno.

Yamikani (Chitakale): Ndamva achimwene. Koma vidiyo ija mwaiona? Zithunzi zake n'zoyera kuposa za kamera zathu zonse.

Tiyamike (Goliati): Pa vidiyo pomwepo ndi pamene pandiopsa ine. Mu 2015 kunatchuka kamera youluka yotchedwa Lily. Mu vidiyo munthu amangoiponya m'mwamba, iyo n'kuyamba kumutsatira ikujambula, ngakhale kugwera m'madzi osaonongeka. Anthu pafupifupi 60,000 analipiriratu, ndalama zinakwana madola 34 miliyoni. Iwowa sanadzere pa Kickstarter, amatolera pa tsamba lawo, koma mchitidwe ndi womwewu. Mu January 2017 kampani inatseka osatumiza zomwe anthu analipira, ndipo loya wa boma ku San Francisco anaisumira ponena kuti zithunzi za mu vidiyo zija zinajambulidwa ndi makamera a makampani ena. Ina ndi Zano ya ku Wales. Inatolera mapaundi 2.3 miliyoni kwa anthu oposa 12,000 pa Kickstarter, n'kugwa mu November 2015. Zinatumizidwa pafupifupi 600 zokha, nazonso zosachita zomwe zinaonetsedwa. Kickstarter inachita kulemba ntchito mtolankhani, Mark Harris, kuti afufuze chomwe chinachitika.

Limbani (Likhubula): Madola 34 miliyoni osakwanira kupanga?

Madalitso (Bvumbwe): Nthawi zina kuchuluka kwa ndalama n'komwe kumapha. Unakonzekera kuphikira anthu 50, pabwera 2,000, ndipo aliyense walipira mtengo wotsitsa womwe unautchula usanadziwe kuti nkhuni zidya zingati. Oda iliyonse yowonjezera ndi ngongole yowonjezera.

Bambo a Tadala (Luchenza): Ana inu, ndakhala ndikumvetsera, tsono mundilole nkhalamba ilankhule. Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, ndi Yashica yachitsulo yomwe ndinagula kwa mphunzitsi wina. Tsiku la malipiro ndinkapalasa njinga kulowa m'makomboni a m'maesiteti a tiyi. Amayi othyola tiyi ankavala chitenje chatsopano, kudzola mafuta, kuyima pafupi ndi maluwa, ine n'kujambula. Ankalipiriratu theka, chithunzi n'kudzalandira patatha masabata awiri, filimu ikadzadza n'kukatsukitsa ku Blantyre. Ndiye kulipiriratu chinthu chomwe sunachione ine sindikudana nako, ndadyera momwemo.

Koma tamverani. Tsiku lina filimu yonse inapsa, zithunzi 36. Mwina chitseko chinatseguka m'chikwama, sindidziwa. Ndinabwerera khomo ndi khomo, chipewa m'manja, kukapepesa. Ena ndinawajambulanso ulere, ena ndinawabwezera ndalama. Mayi wina anali atajambulitsa ndi mwana wake yemwe anali atabwerera kale ku Mozambique, chimenecho sindikanatha kubweza, ndipo nkhope yake ndimaikumbukira mpaka lero. N'chifukwa chiyani ndinabwerera? Chifukwa ankadziwa pakhomo panga, ankadziwa mpingo wanga, akanatha kukandisumira kwa amfumu. Chipereganyu chimayenda chifukwa tonse timatunga pa mjigo umodzi. Tsono awa a kamerawa zikadzawavuta, tidzakagogoda pakhomo pa yani?

Mayi a Chisomo (Thyolo boma): Mwanena bwino bambo.

Tiyamike (Goliati): Bambo, poti mwatchula Yashica, nayonso ili m'nkhaniyi. Dzinalo linagulidwa ndi kampani ya ku Hong Kong, ndipo mu 2017 anasonkhetsa ndalama zoposa madola 1 miliyoni pa Kickstarter kuti apange kamera yotchedwa Y35. Anthu anathamangira chifukwa cha dzina lomwe inu mukulikumbukalo. Inafika ndithu mu 2018, koma inali ya pulasitiki yopepuka, zithunzi zake zosakoma, ena mabatani osagwira. Ndiye pali kulephera kwa mitundu iwiri: osalandira kanthu, kapena kulandira chinthu choti sungapite nacho pa ukwati wa munthu.

Bambo a Tadala (Luchenza): Zandimvetsa chisoni zimenezo. Yanga ija ikadalipo m'sutikesi, ikugwirabe. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga.

Yamikani (Chitakale): Akuluakulu, ndikuona ngati nonse mwandiunjikira, koma mundimve nanenso. Sindikufuna kutaya ndalama za gulu. Loweruka lapitali ndinajambula ukwati pa Chisitu. Pa perekaniperekani mvula inayamba, ine n'kubisa kamera m'malaya, mlamu wa mkwati akujambula ndi foni yake yodula. Madzulo anthu amagawana vidiyo ya foniyo, yanga osaifunsa n'komwe. Makasitomala ayamba kufunsa kuti tikulipireni chifukwa chiyani. Kamera zomwe tili nazo ndi za zaka khumi zapitazo. Yatsopano ya makampani aakulu sitingaikwanitse ngakhale titasonkha zaka zitatu. Ndiye pakapezeka khomo lotsegukako pang'ono, tingolitseka chifukwa ena anapsa? Kampani ya Peak Design inayambira pa Kickstarter pomwepo, mu 2019 inatolera madola oposa 12 miliyoni pa tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, ndipo inatumiza. A kampani ya Lomography anapanga lenzi ya Petzval mu 2013 njira yomweyi, anthu analandira.

Esnart (Muloza): Ine ndikumumvetsa Yamikani, tisamuone ngati wopupuluma. Zomwe wanena za mafoni ndi zoona, kuno kumalire zafika kale. Ndipo pakanapanda anthu olimba mtima olipiriratu, zinthu zina zabwino sizikanapangidwa.

Madalitso (Bvumbwe): Palibe akukutsutsa pa vutolo m'bale wanga, tonse likutikhudza. Koma taona zitsanzo zako. Peak Design pofika 2019 inali itachita kale misonkhetso ingapo n'kutumiza, inali ndi mafakitale omwe imagwira nawo ntchito, ndipo tripod ilibe sensor kapena pulogalamu. Lomography inali ikugulitsa makamera kuyambira zaka za m'ma 1990. Amenewo ndi alimi akale opempha ngongole ya feteleza. Awa ako ndi munthu woti sanagwirepo khasu akukugulitsa chimanga cha chaka chamawa. Ngakhale amene anayesetsa moona mtima, monga Digital Bolex, anatolera mu 2012, kamera inatuluka mochedwa ndipo anthu anaikonda, koma pofika 2016 anasiya kupanga. Panono ya ku Berlin, kamera yonga mpira yoponya m'mwamba, inatolera madola oposa 1 miliyoni pa Indiegogo, mu 2017 kampani inagwa ambiri asanalandire.

Mayi a Chisomo (Thyolo boma): Tsopano ndilankhule za buku, poti ndi ine ndimalemba. Madola 400 pa mtengo wa kubanki ndi pafupifupi K700,000. Koma ndani mwa ife amene khadi lake lingalipire madola 400 kunja lero popanda vuto? Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera. Tikadzera njira zina mtengo ukwera kwambiri, thumba lonse silikwana. Pamwamba pake pali ndalama yotumizira, yomwe achimwene a ku Joni anena kuti ena amadzaitchula pambuyo. Ikafika pali msonkho wa MRA, wowerengedwa pa mtengo wa dola wa tsiku limenelo. Mukukumbuka November 2023, tinagona dola ili pa K1,180 n'kudzuka ili pa K1,700. Pa miyezi 8, kapena zaka ziwiri za Madalitso, chingachitike n'chiyani?

Chinanso, ndalama izi si za munthu mmodzi. Muli K5,000 ya mtsikana wa ku Thekerani yemwe amajambula ndi kamera yobwereka, amatumiza pa Mpamba mwezi ndi mwezi osaphonya. Titataya nyumba ndi zipangizo pa namondwe wa Freddy mu March 2023, thumba lomweli ndi lomwe linagulira anzathu awiri mabatire ndi makhadi kuti ayambirenso. Munthu akafuna kuyesa mwayi ndi ndalama zake, ndi ufulu wake. Za gulu ine dzanja langa likukana kusaina.

Esnart (Muloza): Apo ndiye ndagonja mayi. Za Thekerani zandikhudza.

Limbani (Likhubula): Nanenso ndabwerera, ngakhale mtima ukufunabe. Nanga palibe njira yoti tiitsatire osataya zambiri?

Tiyamike (Goliati): Ilipo. Pa Kickstarter ukhoza kuponya dola imodzi yokha osasankha mphotho. Ukatero umalandira makalata onse omwe amalembera olipira, ndipo umatha kufunsa mafunso poyera. Tikatero tidzaona ndi maso athu ngati akusunga masiku awo. Ikadzatulukadi, anthu adzaiyesa pa YouTube, tidzaona zoona zake. Tidzalipira mtengo wokwererapo, inde, koma pa chinthu chomwe chilipo.

Wyson (Johannesburg): Dola imodziyo ndiponya ine ndi khadi langa la kuno, musavutike. Yamikani, lemba mafunso unditumizire. Afunse ngati zithunzi zonse za mu vidiyo zinajambulidwa ndi kamerayo, ndipo atipatse fayilo yosakonza. Afunse ngati zikombole zasulidwa kale, fakitale yake ndi iti, sensor ndi ya kampani iti ndipo anaitanitsa kale kapena ayi. Afunsenso ngati mwa iwo alipo amene anapangapo chinthu n'kuchifikitsa m'mashopu. Ine mafunso amenewa sindinafunse mu 2019.

Yamikani (Chitakale): Ndalemba achimwene, ndawonjezera lakuti amatumiza ku Malawi kapena ayi, komanso ikafika yakufa amalipira ndani yobwezera. Ndatumiza ku inbox kwanu.

Bambo a Tadala (Luchenza): Wachita bwino mwana wanga. Usaleke kutibweretsera nkhani zotere, ife maso anafooka, timadalira inu.

Lachinayi madzulo

Wyson (Johannesburg): Ayankha. Ndikuuzeni mwachidule mmene ndamvera. Za sensor atchula kuti ndi ya Sony, koma akuti adzaitanitsa ndalama zikalowa. Zikombole sanasule, akuti akukambirana ndi mafakitale awiri. Za vidiyo akuti mbali zina zinajambulidwa ndi chitsanzo chawo, mbali zina n'zongoonetsa mmene zidzakhalire, koma sananene kuti ziti. Fayilo yosakonza akuti adzaika posachedwa. Malawi palibe pa mndandanda wa maiko omwe akutumizako, akuti ndikhoza kulandirira kuno n'kukutumizirani.

Madalitso (Bvumbwe): Ayankha mwaulemu ndipo sanabise zambiri, ndiwayamikire pamenepo. Koma opanda chikombole, opanda fakitale, miyezi 8 siingatheke.

Yamikani (Chitakale): Ndawerenga kangapo. Malo a mumtsinje aja ndi amene ndimafuna kudziwa ngati ali enieni, ndipo ndi omwe sanayankhe. Ndikuchotsa pempho langa mayi, ndalama zikhale. Koma vuto la mafoni lija likadalipo, ndipo ndikupempha kuti pa msonkhano wa mwezi uno tilikambirane mozama.

Mayi a Chisomo (Thyolo boma): Ndalilemba kale pa mndandanda, likhala loyamba. Achimwene a ku Joni, pobwera mu December mutiyang'anireko mitengo ya makamera ogwiritsidwapo kale ntchito ojambula vidiyo yabwino, ndi maikolofoni yopanda waya. Mutumize zithunzi ndi mitengo pano tisanagwirizane.

Wyson (Johannesburg): Loweruka ndizungulira m'mashopu. Makalata a kampani ija ndizikuponyerani pano akamabwera, tione limodzi mmene zithere.

Limbani (Likhubula): Achimwene a Madalitso, nanga lenzi yanga ija ya timizere toyera, ingapulumuke?

Madalitso (Bvumbwe): Ngati sizinadye galasi ingatheke. Bwera nayo Lolemba m'mawa ndisanachuluke anthu. Pakadali pano uichotse m'chikwama chonyowacho, uiyike m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timapezeka m'makatoni a nsapato. Chikwamacho uchiyanike padzuwa.

Limbani (Likhubula): Lolemba ndili ndi alendo opita ku Chambe, titsika Lachitatu. Ndifika Lachinayi ndi minibasi yoyamba.